Dzino Langa Lakutsogolo

Chaka chimene ndinalemba mayeso a Fomu 4, nkhama zanga zinayamba kutuluka magazi. Ndikaluma chinangwa chophika, pachinangwapo pankatsala pofiira. Kenako dzino limodzi lakutsogolo, lam'mwamba, linayamba kugwedera.

Mayi anati ndi chiseyeye. Anawotcha njere za nthula paphale, nandifunditsa chitenje kuti utsi ulowe m'kamwa, tizilombo ta m'dzino tigwere m'mbale ya madzi. M'madzimo munagweradi tinthu toyera. Ndinawauza kuti ndapezako bwino, poti nthulazo anakazifuna kutali. Dzino linapitiriza kugwedera.

Amene anandikweza panjinga kupita kuchipatala ndi amalume. Inali nyengo yokolola nandolo. Tikutuluka ku Nkhulambe, iwo anati, "Ulendo ndi umodzi womwewu, mphwanga. Nandolo wayamba kuthetheka m'munda."

"Eya, amalume."

"Usaope. Ine anandizula atatu, koma nyama ikabwera sindipempha munthu kuti anditafunire."

Ndinaseka nditatseka pakamwa.

Kuchipatala tinapeza benchi yodzaza, aliyense atagwira tsaya. Dzuwa linafika pamutu ndisanaitanidwe. Amalume anakhala panja pafupi ndi njinga, akudzikupiza ndi chipewa.

Adokotala a mano anali mayi, osati wa kwathu kuno. Chichewa chawo chinali chothamanga.

"Yasamulani, achimwene. Yasamulanibe, lilime sindikulandani."

Anagogoda mano anga ndi kachitsulo, nagwedeza lodwalalo ndi chala. Kenako anatsitsa kansalu kakukamwa kwawo n'kundifotokozera. Anati vuto si dzino ayi, koma nkhama. M'tsinde mwa mano munaunjikana litsiro louma ngati mwala, ndipo ndi limene linkadya nkhamazo.

"Njira zilipo ziwiri," anatero. "Nditha kupala litsiroli, ndikupatseni mankhwala, muzichukucha madzi amchere. Mubwere kawiri kapena katatu, tione ngati dzinoli lingalimbenso. Ine ndikuona kuti likhoza. Apo ayi, tizule lero. Mukuti bwanji?"

Zonsezi ndinazimva bwinobwino. Dzinolo ndinkalifuna. Koma ndinayang'ana pawindo, n'kuona chipewa cha amalume chikupita uku ndi uku. Kunja kwa chitseko wina ankabuula. Patebulo, m'mbale yachitsulo, chozulira chinali chili kale pomwepo. Kuyambira ndili mwana ankandiyamikira chinthu chimodzi, kunyumba ndi kusukulu komwe: kuti sindivutitsa anthu.

"Ingozulani," ndinatero.

"Mwatsimikiza? Ilitu ndi lakutsogolo. Pokafunsira mbeta mudzasekerera ndi chiyani?"

"Eya. Ingozulani."

Anandiyang'ana kanthawi. "Dzino ndi lanu," anatero, nabwezera kansalu kaja kukamwa.

Jakisoni ndi amene anawawa, pang'ono pokha. Kenako mlomo unachita dzanzi, unalemera ngati wa munthu wina. Mphuno nayo inatsatira. Ndinkayang'ana banga lamvula limene linali kudenga. Ndinamva kukokedwa, ndi kaphokoso konga kamene kamamveka pozula chinangwa m'dothi lonyowa. Basi. Dzino linagwera m'mbale, go! Linali lalitali kuposa mmene ndinkaganizira, loyera, lopanda bowo ngakhale limodzi.

Anandilumitsa thonje. Anati ndisalavule, ndisamwe zotentha, madzi amchere ndiyambe mawa. Kenako anatenga buku langa lakuchipatala n'kulembamo.

"Lachinayi sabata yamawa mubwere tidzapale otsalawa. Mukapanda kubwera atsatira mnzawo mmodzimmodzi."

Ndinaima ndi bukulo m'manja. Ndiye kuti kubwera ndinkayenera kubwerabe. Sindinamve chilichonse mumtima. Ndinawerama n'kuthokoza kudzera m'thonje, iwo n'kuitana wotsatira.

Pobwerera, amalume ankapalasa akuimba kanyimbo ka ku tchalitchi. Phiri la kwathu linali pambali pathu ulendo wonse, lotuwa ndi utsi wa moto wolusa. Malovu ankatsikira pamalaya anga koma sindinkawamva. Ndinawaona titafika.

Mayi anandigwira chibwano, nakweza mlomo wanga ndi chala, nayang'ana. Analankhula ndi amalume m'Chilomwe, motsitsa mawu, kenako anandifunsa ngati panalibe njira ina.

"Panalibe," ndinayankha.

Amalume anali atayedzeka njinga pankhokwe, akunyamula dengu kuti athamangire kumunda dzuwa lisanalowe. Ndinawatsatira mpaka kuseri kwa nyumba. Mawu ankatuluka movutikira, mphepo ikudutsa pampata paja.

"Amalume, akuti ndibwerenso Lachinayi. Mwina ndi ulendo wina pambuyo pake. Pepani."

"Lachinayi?" Anaika dengu pamutu. "Chabwino, tipita. Nandolo alibe miyendo."

Anatsetsereka kulowera kumunda. Ine ndinakhala pakhonde, n'kutsina mlomo wam'mwamba ndi zikhadabo. Sunali kumvabe.