Timadontho ta mwana wanga

Chaka chimene malungo ananditengera mwana wanga wamkazi, ndinkatchola tiyi pa esiteti ina kufupi ndi Limbuli. M'nyumba ya kampani tinkakhalamo atatu: ine, mwanayo ndi amayi anga. Mwanayo anali asanayambe sukulu, koma pakamwa ankaposa wailesi.

Atatentha thupi koyamba ndinamubereka kupita naye kuchipatala chaching'ono. Anesi anamubaya chala, anapeza malungo, n'kutipatsa mankhwala a LA. Kenako anandipempha kuti adonthetse magazi ake pang'ono pa kapepala kolimba. Anati alipo anthu ofufuza amene amawerenga chibadwa cha tizilombo ta malungo, kuti adziwe ngati tizilomboto tayamba kuzolowera mankhwalawa monga tinazolowerera kolokwini woyabwa uja. Ndinavomera, ndipo timadonthoto tinauma ine ndikuona.

Amayi atamva anagwira pakamwa. Nthawi imeneyo mphekesera za anamapopa, oti amayenda akupopa anthu magazi, zinali zisanazizire kwathu kuno.

"Iwe, anzako akutseka zitseko, iwe ukukapereka wekha magazi a mwana?"

"Amayi, udzudzu umapopa ochuluka kuposa pamenepo, ndipo supempha n'komwe," ndinatero ndikuseka. Kuseka kumeneko ndimakukumbukira mpaka lero.

Mwana anamaliza mankhwala onse, sindinasiyeko ngakhale kambewu kamodzi. Anachira, n'kuyambiranso kuthamangitsa nkhuku za eni ake. Mwezi usanathe thupi linatenthanso, ndipo ulendo uno malungo anathamangira kumutu. Anakomoka tili pa kabaza. Kuchipatala chachikulu anayesetsa, koma m'mawa mwake anatisiya.

Kwathu munthu amapita ndi zake. M'bokosi tinamuikira madiresi ake, kapu yake yapulasitiki ndi nsapato zomwe zinali zisanamukwane. Asanakhomere, amayi anandikoka dzanja.

"Magazi aja ukatenge. Mwana asapite woperewera."

Tinaika maliro popanda magaziwo, ndipo kuyambira tsiku limenelo amayi ankangolawa chakudya n'kukankha mbale. Ndinkawaona akutha ngati sopo. Ndinachita mantha kuti nditaya awiri. Titameta, ndinabwerera kuchipatala chaching'ono chija, chiperoni chikuwaza.

Anesi aja anandizindikira. Anandikhazika pabenchi, n'kundiuza kuti kapepalako kanapita kale ku Blantyre pamodzi ndi timapepala ta ana ena. Panalibe dzina, anangolembapo nambala.

"Sitiwerenga mwana, mayi. Timawerenga tizilombo tomwe tinali m'magazi mwake."

Pamenepo ndinafunsa chimene chinkandidya mumtima: kodi tizilombo tomwe tinamupha tinali tomwe tija, totsala titapirira mankhwala, kapena tatsopano ta udzudzu wina? Anati funso limenelo ndi lomwenso ofufuzawo akufuna kuyankha, koma yankho lake silibwerera kukhomo la munthu mmodzi. Limapita kwa amene amasankhira dziko lonse mankhwala, kuti akaona kuti mankhwalawo ayamba kufooka asinthe ana ena asanathe. Ndinamva, koma zinandiwawa. Ana ena ndi ana ena, wanga anali mmodzi.

Ndinapeza amayi pakhonde akusenda nandolo. Sanandipatse moni.

"Wabwera nawo?"

Ndinawaonetsa manja. Ndinakhala pansi n'kufotokoza zonse monga ndinazimvera, za tizilombo, za mankhwala otopa, za ku Blantyre. Ndinkadikira kuti andikalipire, ndipo mwina zikanandipepukira. Iwo anangofunsa, maso ali m'lichero:

"Ndiye kumeneko ali yekha?"

"Ayi, amayi. Magazi ake ali pamodzi ndi a ana anzake, ambirimbiri."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kukokera lichero pafupi.

"Basi, musiye. Uja ankaopa kukhala yekha," anatero. "Kateleke madzi, tiphike nandoloyu."