Tsitsi la Amayi mu Nazale ya Agogo

Ndikakumbukira agogo aamuna, mphuno zanga zimayamba kumva dothi lofiira lothiridwa madzi m'mawa, kuseri kwa nyumba yathu ku Limbuli kumene anali ndi nazale yawo. Inali yofolera ndi udzu wochepa kuti dzuwa lizilowa mwakuba, pansi pake mizere ya machubu akuda, madzi akudontha, utsi wa fodya wawo wa chingambwe ukuyenda pakati pa timasamba, wailesi yomangidwa ndi mphira ikukhosomola pamwala. Agogo anakalambira mu nazale ya tiyi ku esiteti, ndipo atapuma ntchito manja awo anakana kupuma.

Tiyi wawo sankabzala njere. Ankadula kanthambi ka tsamba limodzi ndi lezala n'kukabaya mu chubu, ndipo pakapita miyezi kankamera mizu n'kukhala mtengo wofanana ndendende ndi make. Ine yanga inali kheni yothirira. Ndinali wamanyazi, iwonso sankachulutsa mawu, kupatula akafuna kundiseka.

"Mkazi wanga, thira ngati chiperoni. Ukuzimitsa moto kodi?"

Chaka chomwe amayi anamwalira ndinali sitandade 2. Achimwene anga, pofuna kuti ndiiwaleko, ananditengera kumavidiyo kumsika. M'kanyumba kamdima konunkha thukuta ndi chimanga chowotcha tinaonera madayinaso, abuluzi aatali kuposa mibawa, amene akuti anatha kalekale anthu kusanakhale. Womasulira ankakuwa kuti, "Taonani! Atenga kachidutswa ka fupa, apanga chilombo chamoyo!" Anzanga ankabisa nkhope. Ine ndinatuluka ndi mawu amodzi okha m'mutu: kachidutswa. Kodi si mmenenso agogo ankachitira ndi tiyi?

Chipeso cha amayi chinali chikadali chotsomekedwa pamwamba pa chitseko, tsitsi lawo lili momwemo, likununkhirabe mafuta. Ndinalichotsa, ndinadzaza dothi mu chubu, n'kulibzala kumapeto kwa mzere. M'mawa uliwonse ndinkayamba kuthira pamenepo. Ndinali nditakonza kale zoti ndidzawauze akadzatuluka, kuti dzino langa lija linaguluka ndipo sindinalire.

Agogo ankawadziwa machubu awo ngati zala zawo. Tsiku lina anaima pamapeto paja.

"Chubu chopanda tsambachi, chomwe chikumwa madzi anga, n'cha ndani?"

Ndinayang'ana zala zanga zakumapazi. Iwo anapisa chala m'dothi n'kutulutsa tsitsi lija. Nkhope inasintha, ndipo anayang'ana kunjira msangamsanga, chifukwa tsitsi lokwiriridwa pakhomo pa nkhalamba kwathu limatha kuwotchetsa nyumba.

"Ukufuna anthu anditche mfiti? Layani ili?"

Ndinalira, kenako ndinafotokoza moduladula, za mavidiyo, za fupa, za amayi. Ndinkayembekeza kuti aseka kapena athyola kamkwapulo. Anangokhala pansi padothi lonyowalo, osasamala buluku lawo.

"Zilombo zakozo zinalikodi," anatero. "Ndinamva pa wailesi kuti mafupa ake anawafukula ku Karonga. Komatu anali atasanduka miyala. Mwala umaphuka?"

Anatola kankhuni kouma ndi kanthambi ka tiyi kongodula kumene, n'kukanda zonse ziwiri ndi chikhadabo. Kanthambi kanaonetsa kubiriwira ndi timadzi. "Aka kagwira, moyo ukadali m'kati. Nkhuniyi ungaithire mtsinje wonse wa Ruo, amene angakuthokoze ndi chiswe basi."

Sindikudziwa kumene ndinatenga mphamvu, koma ndinafunsa kuti, "Nanga tikanadula amayi akadali moyo?"

Fodya anazimira pakati pa zala zawo.

"Ukanapeza khanda la nkhope ya amako. Silikanadziwa dzina lako. Ukanalibereka kumsana ndiwe." Anayang'ana chubu changa chija. "Ukuganiza kuti zikanakhala zotheka ndikanadikira iwe? Uja ndi mwana wanga. Tiyi yenseyu ndikanamuzula, machubu onsewa ndikanadzaza tsitsi."

Misozi inatsikira m'ndevu zawo. Anati ndi utsi wa fodya, koma fodyayo anali atazima kalekale.

Madzulo ake tinakwirira tsitsi lija patsinde pa mtengo wa mabulosi umene amayi anabzala pafupi ndi bafa, agogo akutchingira ndi msana wawo kuti odutsa asaone. M'mawa mwake anandipatsa lezala, chinthu chomwe sankalola ngakhale achimwene kuchikhudza. Anagwira dzanja langa m'dzanja lawo lokhakhala ngati khungwa, tinadula timitengo ta mabulosiwo mopendekeka, pansi pa diso lophukira tsamba. Tambiri tinauma. Kamodzi kanaphuka, ndipo tsiku lomwe ndinaona tsamba loyamba ndinathamanga ndi chubu m'manja mpaka kukawadzutsa.

Agogo anatisiya ndili sitandade 5, ndipo sukulu inathera pomwepo. Nazale inagwa ndi mvula ya chaka chotsatira. Pokakhala ndi amuna anga ku Milonde ndinatenga zovala, mapoto awiri ndi nthambi ya mtengo wanga uja yokulunga m'chitenje chonyowa.

Mwezi watha mwana wanga Dalitso anaona madayinaso pa foni ya bambo ake, n'kubwera akuthamanga.

"Amayi, akuti akhoza kuwapanganso! Akabwera kuno tithawira kuphiri?"

"Sangabwere, bambo. Anauma kalekale."

Anakhumudwa, chifukwa iye ankafuna wake womukwera popita ku sukulu yamkaka. Posakhalitsa anaiwala, n'kukwera mu mtengo wa mabulosi uli pakhomo pathu. Sindimuuza kuti mtengowo ndi agogo ake aakazi, chifukwa si iwo. Ndimangomusiya adye mpaka milomo ide.