Chithunzi Nambala 47

Endla Kivistik ndagwira naye ntchito zaka khumi ndi ziwiri pachipatala cha mano ku Viljandi, iye kujambula ekisire, ine kulemba mayina. Ntchito amaidziwa mayiyu, koma pakamwa pake mpolusa. Akangoona mano a mwana pachithunzi, makolo ake amakhala awaweruza kale.

"Taona, Maarika," ankandiitana, "owola anayi. Mayi ake amangodziwa kupenta zikhadabo basi."

Chaka chatha ana a sekondale anabwera kudzajambulidwa pa kafukufuku. Zithunzi zawo zinalibe mayina, zinali ndi manambala okha. Endla anali patchuthi sabata imeneyo, ndiye anaziona atabwerako. Atafika pa nambala 47 anaika kapu ya khofi pansi.

"Kalanga ine! Nsagwada iyi inathyokapo kumanzereku, n'kulumikizana yokha mokhota. Mwana osapita naye kuchipatala! Kholo lakelo ndi munthu kapena chitsa?"

Anakulitsa chithunzicho kuti andionetse bwino, kenako anayang'anitsitsa manowo. Chakumwamba kunali dzino lomera chopingasa, pambali pake lina lomatidwa. Mano amenewo anali atawajambulapo yekha kangapo. Anali a Tuule, mwana wake mmodzi yekhayo, wa zaka khumi, zisanu n'chimodzi.

Ndinakumbukira nyengo ina ya chisanu Endla akudandaula kuti Tuule watha mwezi akungomwa kama, ufa uja timasakaniza ndi chambiko, buledi wakuda osamukhudza, poyankha kumangogwedeza mutu. Tonse tinaseka, ati ndi utsikana, akufuna kuonda. Kwathu kuno munthu akakhala chete sitiyesa kuti akudwala.

Endla anaimba foni, ndipo Tuule anadzera kuntchito kwathu poweruka kusukulu.

"Mwanawe, chinachitika n'chiyani apa?" anafunsa Endla, akuloza chithunzicho.

"Nthawi ija simunafunse, amayi. Lero mwafunsa poti makina akuuzani."

"Unaterereka pa ayezi?"

Tuule anayang'ana pazenera. Panja Raivo, mwamuna wachiwiri wa Endla, anali ataimika galimoto monga mwa masiku onse, kudikira kuti awatenge.

"Afunseni awo," anatero mtsikanayo. "Akudziwa dzanja limene anagwiritsa ntchito."

Raivo analiza hutala kawiri. Endla anaimirira n'kukakiya chitseko, mwana wake ali naye mkati, Raivo ali kunja.