Amene Amagwira Chingwe cha Gologolo

Si zoona zoti Gologolo anamuika m'botolo. Mwazimva kumpopi, mwazimva kometera tsitsi, ena mwazimva kwa anthu aulemu wawo ovala mataye: akuti mkazi wake anamutsekera m'botolo n'kukhalira chitsekero, n'chifukwa chake anakana ntchito yagalimoto ndi yunifomu imene a Landilodi anamupatsa anthu akuona. Bodza limeneli lili ndi miyendo yaitali koma lilibe maso. Onse olifalitsa, tsiku limenelo anali chingadire kumwamba, kukamwa yasa ngati ana a mbalame, pomwe nkhani yeniyeni inkachitikira pansi.

Tiyambe ndi mwini wake. Gologolo ndi kamunthu kochepa thupi, miyendo ngati masipoko a njinga. Mkati mwa sabata ndi mesenjala pa ofesi ina: kunyamula mafayilo, kuwiritsa tiyi, kutsuka makapu a anthu amene sadziwa n'komwe kuti ali ndi ana. Mutamuona akudutsa m'khonde, thireyi m'manja, khosi lili zyoli, mungati mphepo yamphamvu itabwera angamupeze padenga. Malipiro ake amatha mwezi usanafike m'chiuno.

Mumsewu mwathu muno zimenezo si zachilendo. Wodalira malipiro okha timamuona ngati munthu woima ndi mwendo umodzi. Aphunzitsi amaweta nkhuku kuseri kwa bafa, anesi amagulitsa mafuta odzola, akalaliki ali ndi chikwama cha nsapato pansi pa desiki. Mwendo wachiwiri wa Gologolo ndi mitengo. Loweruka lililonse amakadula nthambi zimene zaweramira madenga a anthu, zija eni nyumba amaziyang'ana mvula ikayandikira n'kuyamba kukumbukira Mulungu.

Mukanamuona akufika pantchito imeneyo! Amavula nsapato zake za kuofesi, n'kuziika bwinobwino patsinde, masokosi m'kati, ngati akulowa m'nyumba ya apongozi. Sowo kumsana, chikwanje m'chiuno, amaukumbatira mtengo n'kuyamba kukwawa. Mukaphethira ali pamphanda yoyamba, mukaphethiranso wasanduka kachinthu kakuda pakati pa masamba, akhwangwala akumuzungulira modandaula. Munthu amene sabata yonse amaweramira anthu, tsiku limenelo msewu wonse umathyoka khosi kumuyang'ana. Ngakhale oledzera amakhala chete.

Kumbuyo kwake nthawi zonse kumabwera Amake Mapasa, mkazi wake, chingwe chachikulu atachikulunga pamutu. Mayiwa amasita zovala pamalo ochapira, ndipo salankhula zambiri. Anthu tinkati amabwera kudzalondera malipiro kuti asakhotere kumowa. Gologolo samwa n'komwe, koma miseche sifunsa kaye.

Ntchito ya chingwe ili motere. Nthambi yaikulu yoweramira denga sungangoidula n'kuisiya igwe. Gologolo amaimanga chingwe, chingwecho n'kudutsa pamphanda ya pamwamba pake, n'kutsikira kwa munthu wapansi amene wachizunguliza pathunthu la mtengo wina. Nthambi ikaduka, wapansiyo akachitaya, denga lapita. Akachigwira zolimba nthawi yomweyo, nthambi imalendewera n'kubwerera ngati nyundo kukamenya pamene pakhala wodulayo. Pamafunika kuitayira kaye ithamange, idutse mapazi a munthu, kenako n'kuigwira pang'onopang'ono ngati ukukhazika pansi mwana wogona. Kuyambira ali ongokwatirana, m'nyumba muli mphasa ndi ndowa basi, wogwira chingwe anali mayiwa. Palibe anawaonapo. Ndani amayang'ana pansi munthu ali kumwamba?

Ndiye kunabwera tsoka. Amake Mapasa anaterereka pathovu la sopo kuntchito, dzanja lamanja n'kuthyoka, kuchipatala n'kuwaika chikhakha mpaka m'chigongono. Chingwe chinakagona kuseri kwa chitseko, ndipo Gologolo anayamba kutha Loweruka akusenda anyezi.

Sabata zomwezo bulugama wamkulu wa a Landilodi anang'aluka. A Landilodi ndi bambo amimba yawo, eni mdadada wa zipinda zalendi ndi malole angapo. Mtengowo unali kuseri kwa zipindazo, wautali moti kuti uone nsonga umayenera kugwira chipewa. Mphepo inang'amba nthambi yake yaikulu pamphanda, n'kuisiya yagwira ndi khungwa ndi chisomo, italunjika chipinda chakumapeto, mmene mumagona mayi wogulitsa tomato ndi ana ake.

A Landilodi anafika okha pakhomo pa Gologolo, galimoto osazimitsa.

“Gologolo, ndamva wasanduka wophika. Tiye ukanditsitsire chinthambi chija. Ndikupatsa zoti anyeziwo uziwagula pathumba.”

“Bwana, mayi dzanja lili m'chikhakha.”

“Ndafuna mayi ine? Ndati nthambi.”

Alamu ake a Gologolo, achimwene a mkazi wake, anali pomwepo. Iwowa amanyamula matumba kumalo osungira katundu, chifuwa ngati chitseko cha galaja.

“Alamu, musatichititse manyazi,” anatero. “Chingwe chimene amagwira mlongo wangayu chingandikanike ine? Ndibwera ndi anzanga awiri, tikugwirirani ngakhale mtengo wonsewo.”

Gologolo anayang'ana denga lake lomwe, limene linkadontha pamutu pa bedi la mapasa. Anaganiza malata atsopano. Mkazi wake anali atapita kuchipatala kukaonetsa dzanja. Anatenga chingwe kuseri kwa chitseko mwakachetechete ngati akuba m'nyumba mwake momwe.

Anakwera monga mwa masiku onse, koma atafika pamwamba n'kugwedeza chingwe, mtima unamuuza kuti pavuta. Chingwe cha mkazi wake chimayankha: ukachikoka pang'ono, chimakubwezera pang'ono. Ichi chinali chouma gwa ngati chamangidwa kuchitsulo. Anati ayambe wayesa ndi kanthambi kapambali, kokula ngati ntchafu ya munthu. Anacheka, kanthambi kanalira, kanaduka. Pansi paja amuna atatu anakunga minofu n'kukokera kumbuyo, alamu akukuwa kuti, “Gwirani, amuna inu!” Anagwiradi. Kanthambi kanalendewera kunja, n'kubwerera. Gologolo anangoona mdima ukubwera, anazembera kuseri kwa thunthu, ndipo pamene panali mutu wake panamveka phu! Chipewa chake chinatsika chokha, chitaphwatalala ngati chapondedwa ndi lole.

Pansi anthu anaomba m'manja. Ankayesa ndi masewera.

Anakhala kumwambako kanthawi, tsaya ataligunditsa kukhungwa. Anayang'ana chinthambi chong'alukacho, chokula ngati ng'ombe, n'kuyang'ana amuna atatu aja akusekerera, maso onse ali pa icho. Kenako anatsika, anavala masokosi, anavala nsapato.

“Lero ayi, bwana.”

“Wati chiyani?”

“Lero ayi.”

Mawu amenewo anamutsata mpaka kunyumba. Pofika madzulo ngakhale ogulitsa makala ankayankhana kuti “lero ayi”. Wometa tsitsi anati gologolo wakalamba, wayamba kuopa mitengo ngati nkhuku yoyera. Alamu anati iwo mbali yawo anagwira bwino, vuto ndi mwamuna wopanda chiwindi.

Amake Mapasa anapeza chipewa chija patebulo. Anachitembenuza ndi dzanja lamanzere, anachiyang'ana m'kati.

“Bambo a mapasa, munakwera?”

“Ndinakwera.”

“Anagwira ndani?”

“Achimwene anu.”

“Maso anali kuti?”

“Kunthambi.”

Mayiwo sanakalipe. Anangochikoloweka chipewacho pamsomali wa pakhomo la kuchipinda, pamene mwamuna wawo azichiona polowa ndi potuluka. Gologolo akanakonda atamutukwana.

Koma nthambi sinamve kuti lero ayi. Inali pomwepo, ikulira mphepo ikawomba. Loweruka lotsatira m'mawa, mayi wa tomato uja anafika pakhomo, mwana kumsana, wina kudzanja.

“Bambo, ine sindinabwere kudzaseka nawo. Ana ndikuwagoneka kwa aneba, koma aneba ayamba kutsokomola mwadala. Kosamukira kulibe. Malata akulira, bambo.”

Gologolo anayang'ana pansi. Amene anayankha anali mkati mwa nyumba.

“Tengani chingwe. Mundisenzetse, ndi dzanja limodzi sindingathe.”

“Mayi, ndi chikhakhacho?”

“Chathyoka ndi dzanja, maso ali bwinobwino. Kaitaneni achimwene.”

Msewu wonse unakhamukira kumeneko, ambiri kudzaona “lero ayi” wachiwiri. Amake Mapasa anazungulira bwalo, anasankha mango wa pakona, anauza alamu kuti azungulize chingwe pathunthu pake. Kenako anaima kutsogolo, chingwe chikudutsa m'dzanja lamanzere, amuna atatu aja atandanda kumbuyo kwawo.

“Achimwene, mphamvu muli nazo, zikomo. Koma lero kumwamba kulibe chanu. Muziyang'ana msana wangawu. Ndikawerama, tayani. Ndikadzuka, gwirani pang'onopang'ono. Wina akangotukula maso, apite akanyamule matumba.”

“Mlongo, ukutilamula ngati ana a sukulu?”

“Ana a sukulu amamva.”

Gologolo atafika pamphanda yong'aluka anagwedeza chingwe. Chinamubwezera, pang'ono chabe, ngati munthu wokugwira chala mumdima. Anayamba kumapeto, kuchidula chinthambicho zidutswazidutswa, ndipo chidutswa chilichonse chinkathamanga kudutsa mapazi ake, n'kuchepetsa liwiro pamwamba pa malata, n'kukakhala pabwalo mwaulemu ngati mlendo. Utuchi unkagwa ngati mvula yowaza. Dzuwa linafika paliwombo, palibe anapita kukadya.

Chinatsala chigawo chachikulu, chija chogwira ndi khungwa. Sowo itangolowa pang'ono, mtengo wonse unabuula, ndipo chinthambicho chinayamba kupita chokha nthawi yake isanakwane, chikupotokera kumene kunali miyendo ya Gologolo. Azimayi anakuwa. A Landilodi anagwira mimba ndi manja onse.

Amake Mapasa sanayang'ane nthambi. Zaka zonsezi sanaiyang'anepo. Maso awo amakhala pa mapazi a mwamuna wawo, chifukwa zala za kumapazi zimadziwa mtengo ukafuna kupereka munthu, pakamwa pasanadziwe. Ataona zala zija zafinya khungwa, anali atawerama kale mpaka chikhakha kugunda bondo. Amuna aja anataya. Chingwe chinathamanga pathunthu la mango mpaka kutulutsa utsi, chinthambi chinadutsa pansi pa zidendene za Gologolo ngati basi yosaima pasiteji. Ndiye mayiwo anayamba kudzuka, pang'onopang'ono, msana ukuwongoka ngati munthu wotopa ndi kusita, ndipo chinthu chokula ngati ng'ombe chija chinaima m'malere, masamba ake akusesa fumbi la padenga la mayi wa tomato. Chinazungulira kamodzi, n'kutsetserekera pabwalo. Ngakhale lata limodzi silinapindike.

Kunali zii. Alamu ankayang'ana zikhatho zawo zofiira, n'kuyang'ana msana wa mlongo wawo ngati akuuona koyamba. Kenako msewu unaphulika, ndipo dzina limene ankakuwa linali la Gologolo.

Atatsika, asanavale n'komwe masokosi, a Landilodi anamugwira paphewa.

“Iwe, luso ili ukuliwonongera tiyi wa anthu? Siya zamafayilo. Ndigula makina odulira, ndikupatsa lole, yunifomu, ndi anyamata amphamvu. Tizidula mitengo tsiku lililonse, mpaka kumatauni ena. Pakutha pa chaka udzakhala ukumanga yako nyumba.”

Anthu anaombera m'manja mwayi wa mnzawo, ena mtima ukuwawa. Gologolo anaiona nyumbayo m'maganizo, ya mawindo agalasi, mapasa aliyense bedi lake. Ndiye anatembenuka kuyang'ana mkazi wake, ndipo kutembenuka kumeneko ndi kumene kunabala botolo lonse lija. Mayiwo sanamuyang'ane n'komwe. Anali atakhala pachidutswa cha mtengo, akupemerera chikhatho chamanzere chimene chingwe chinasupula khungu.

“Bwana, anyamata anuwo aziyang'ana kuti?”

“Kumtengo, nanga kuti?”

“Ndiye zikomo kwambiri. Ndalama ya m'mwamba imakoma ukaidyera pansi.”

“Chabwino, mayiwa tiwalembanso!”

“Ine ndili nayo ntchito,” anatero Amake Mapasa. “Loweruka limodzi ndimatha kuyang'ana mapazi awa osaphethira. Tsiku lililonse diso lingazolowere, ndipo diso lozolowera ndi limene limasiyitsa ana bambo.”

A Landilodi anapukusa mutu, analipira za tsikulo, n'kukauza anzawo kuti aona mwamuna ali m'botolo. Loleyo anaipereka kwa ena, ndipo ikuyendadi, sitikana.

Gologolo akadali mesenjala. Denga lake analikonza mbali ya ana, mbali yawo ikudonthabe, amangosuntha bedi. Chikhakha chinachoka, chipewa chophwatalala chija chikadali pamsomali. Loweruka madzulo mudzawaona akubwerera, iye patsogolo utuchi uli m'tsitsi, mayi pambuyo chingwe pamutu, akukangana zoti agule sopo kapena shuga, ndipo wometa tsitsi akakuwa kuti, “Botolo likudutsa!” Gologolo amangomukwezera sowo.

Zoona zake n'zakuti Gologolo saopa mtengo ndipo saopa mkazi, koma sakwera ngati kunsonga ya chingwe kulibe Amake Mapasa.