Ng'oma Yochedwa ya Lino Zammit

Tsiku lachinayi lojambula chimbale, Lino Zammit anakhala pa benchi m'khonde la situdiyo ina ku Melbourne, akumvera munthu wina akuimba ng'oma zake. Ng'oma zake zenizeni, zimene kwa zaka zinayi ankazinyamula yekha m'mabala a kumadzulo kwa mzindawo. Munali mu 1977, iye ali ndi zaka 24.

Inu amene mukuona ngati thukuta lanu akudyerera ndi ena, nkhaniyi ndi yanu.

Lino anakulira ku Sunshine, dera la kumadzulo kwa Melbourne, makolo ake atachokera ku Malta. Sukulu anaisiya ali ndi zaka 15 n'kukalowa fakitale yopanga zitseko za magalimoto. Ntchito yake inali yoika chitsulo pansi pa makina odinda. Makinawo ankakwera, kuima pang'ono ngati akukoka mpweya, kenako n'kugwa. Kuyambira sikisi koloko m'mawa mpaka kuweruka, chimodzimodzi. Ng'oma palibe anamuphunzitsa, choncho dzanja lake linkagwa momwe makinawo ankagwera: mochedwa pang'ono, koma molemera.

M'mabala anthu ankafera zimenezo. Gulu lake la Blue Rivet linkaimba nyimbo ya roko yaphokoso, yonjenjemeretsa mawindo, ndipo amuna a nsapato zantchito ankaponda pansi limodzi ndi Lino mpaka mowa kutayikira m'matambula.

Kampani ya nyimbo itawapatsa masiku khumi a situdiyo, inawapatsanso a Pemberton, mkulu wojambula. Bambowa anali ndi kachipangizo kogogoda nthawi, kosachedwa, kosafulumira. Masiku atatu anamvera Lino akulimbana nako, kenako anavula zomvera kumakutu.

"Iwe mnyamata, ukutsalira ngati basi ya Lamlungu. Kapume panja."

M'mawa mwake anabweretsa woimba ng'oma waganyu wochokera ku Sydney, Rodney Hale, wa manja osalala, wosaphonya nthawi. Ndiwo unali mwambo wa m'masitudiyo: woimba ng'oma akavuta, amamusintha mwakachetechete. Anzake a Lino anangoyang'ana pansi. Onse atatu, kuphatikizapo Gavin Doyle, woimba wa gululo, yemwe anakulira naye msewu umodzi.

Lino sanapite kwawo. Tsiku lililonse ankafika seveni koloko, kukunga ng'oma kuti mlendo uja azipeze zili bwino, n'kubwerera pa benchi. Nkhomaliro ankadya mapasitizi ozizira, zokhala ngati samusa za ku Malta, amene mayi ake ankamukulungira m'pepala. Gavin anamuchonderera kuti azipita, akuti ankawachititsa manyazi akamadutsa pakhondepo. Lino anangomuyankha kuti ng'oma zake zili mkatimo, ndipo adzachoka tsiku limene zidzatuluke.

Tsiku lachisanu ndi chitatu, mawu a Gavin anasasa. Palibe anali ataganizapo kuti nyimbo zonsezo anazipeka pamwamba pa dzanja la Lino. Kampata kaja, pamene ng'oma imaima isanagwe, m'pamene Gavin ankakokera mpweya. Rodney sankasiya kampata. Masiku anayi Gavin ankakuwa ngati munthu womira.

Gavin anatulukira m'khonde nkhope itagwa, n'kukhala pa benchi paja.

"Aise," ananong'ona, "kuchedwa kwako kuja ndi komwe ndimapumira. Uyu akundikanyanga pakhosi."

"Wadziwa lero?"

Lino anamaliza kudya kaye. Anapukutira manja m'buluku, n'kulowa.

M'masiku awiri otsalawo anajambula nyimbo zisanu ndi zinayi, onse m'chipinda chimodzi monga ankachitira m'mabala, kachipangizo kaja kali m'dilowa. Chimbalecho anachitcha Belu la Sikisi Koloko.

Koma zikuto zinali zitasindikizidwa kale, ndipo pamalo a woimba ng'oma panalembedwa Rodney Hale. A Pemberton anati adzakonza posindikiza kachiwiri. Anazinena akuvala jekete.

Chimbale chitatuluka, anyuzipepala anachinyoza. Wina analemba kuti ndi nyimbo za anthu ogontha kale, wina kuti woimba ng'omayo akumveka ngati waledzera. Mawailesi anakana kuchiimba. Rodney ankauza aliyense womumvera kuti dzina ndi lake, koma manja si ake. Pasanathe zaka ziwiri gulu linatha, Lino n'kubwerera pa makina ake.

Chimbale chokha chinakana kufa. Chinkayenda m'makaseti a madalaivala a malole, chinkalira pamene amisiri akumanga nyumba, achinyamata ankaphunzirirapo gitala m'magalaja. Patapita zaka khumi ndi zisanu, nyuzipepala zomwe zija zinayamba kuchitcha chimbale chosakalamba, n'kumatama "ng'oma ya Rodney Hale, yodziwa kudikira". Apa m'pamene Rodney analeka kukana. Chinyozo anachikana, ulemu anaulandira ndi manja awiri.

Anasindikiza kachiwiri, kachitatu, mpaka kachisanu ndi chiwiri, dzina lomwelo. Chaka chilichonse Lino ankalemba kalata imodzi ku kampani yopempha kuti akonze dzinalo. Gavin nayenso analembapo, koma kampaniyo inali itasintha eni katatu, ndipo yankho linali loti mapepala awo akuti Rodney. Loweruka Lino ankaimbabe m'maukwati ndi m'makalabu a anthu opuma pantchito. Khutu lakumanzere linafa. Mapewa anayamba kumuwawa kukazizira. Anatopa, inde, moti zaka zina kalata ija inkakhala mizere iwiri yokha. Koma inkapita.

Mu 2008 fakitale inatsekedwa. Tsiku lomaliza antchito anawotcha masoseji pabwalo. Thuy Pham, mayi woyendetsa kagalimoto konyamula zitsulo, amene ankakonda kumuseleula Lino, anamugunda ndi chigongono.

"Mdala, zoti m'chimbale chija munaimba ndinu timangomva ngati nthano. Lero tione."

Anaika chimbale chija pa zokuzira mawu za m'fakitale, n'kupempha kapitawo kuti ayatse makina odinda komaliza, opanda chitsulo. Makina anakwera, anaima, anagwa. Anagwa nthawi imodzimodzi ndi ng'oma ya m'chimbale. Anakweranso, anaimanso, chimodzimodzi. Nyimbo yonse, mphindi zinayi, makina ndi ng'oma sizinasiyane. Amuna amene anagwira pa makinawo moyo wawo wonse anaima masoseji ali m'manja, ena akuponda pansi osadziwa. Lino anatembenuzira khutu lamoyo kumeneko.

Thuy anajambula zonsezo pa foni n'kuziika pa intaneti. Okonda chimbalecho anaivutitsa kampani ya nyimbo ija ndi makalata, atolankhani anamusaka Rodney, ndipo pomaliza iye anavomera m'chiganizo chimodzi chouma kuti ng'omazo anaimba ndi Lino. Chaka chotsatira chimbale chinatulukanso, pachikuto palembedwa Lino Zammit.

Anali ndi zaka 56, wopanda ntchito, wa khutu limodzi. Thuy ndiye anamubweretsera chimbalecho kunyumba. Lino anavala magalasi, n'kuyendetsa chala pansi pa dzinalo pang'onopang'ono.

"Zaka 32, mdala," anatero Thuy. "Simukukwiya?"

"Lachedwa," Lino anayankha. "Koma lagwa pamalo pake."

Sindikunamizani kuti dzikoli n'lachilungamo. Unyamata wa Lino palibe anamubwezera, ndipo a Pemberton anamwalira osapepesa. Koma taganizani: Lino akanakwera basi kubwerera kwawo tsiku lachinayi lija, Gavin akanatuluka n'kupeza benchi yokha. Kukanakhala kulibe chimbale, kulibe dzina loti n'kulimenyera.

Mwina nanunso akuuzani kuti mukapume panja. Mwina mwatopa moti kalata yanu yatsala mizere iwiri. Itumizeni. Akakutulutsani m'chipinda, khalani pakhonde, mtima usagwe, ndipo ng'oma zanu musachoke mutazisiya mkati.