Ndinawoloka Molekyu Mbali Zonse Ziwiri

Usiku wathawu ndinalota ndasanduka elekitironi, anzanga, kanthu kakang'onong'ono kamene kamanyamula magetsi. Kwa amene simukudziwa, ndikuchita kafukufuku wa fizikisi. Timapana molekyu imodzi, kagulu ka maatomu kosaoneka ndi maso, pakati pa timawaya tiwiri tagolide n'kumayeza magetsi odutsamo. Masabata atatu tsopano mita yoyezera magetsiwo sikuonetsa kanthu, ndipo a Dokotala Phiri, amene amandiyang'anira, ananena kuti likafika Lachisanu zili chonchi ndisiye molekyuyi, ndiyambirenso ndi ina.

Ndiye m'malotomo ndinaima kunsonga kwa waya, kutsogoloku kuli molekyu yanga ija, yaikulu ngati bwalo la mpira, njira ina yodzera kumanja, ina kumanzere. Sindinasankhe. Ndinangodzera konse kuwiri, ine wina uku, ine wina uko, ndipo sizinandidabwitse n'komwe. Titakumana kutsidya, wina anali atatsogoza mwendo wamanja, wina wamanzere, ndiye tinangozimirira tonse. Osamva kuwawa, kungoti palibe anafika.

Kenako ndinapezeka poyambira paja. Pakati pa bwalolo panali elekitironi imodzi yopanda inzake, ikuzungulira payokha, koma nkhope inali ya achemwali anga a Tamanda, amene amasoka zovala ku Ndirande. Anali ndi tepi yoyezera m'khosi.

"Iwe, ukuthamangira kuti? Bwereza, koma utsate mmene ndikuzungulira ine," anatero.

Ndinabwereza. Ulendo uno ine awiri aja tinafika tikuponda limodzi, ndipo titagundana tinakhala munthu mmodzi wamphamvu zedi. Ndinalumphira pa waya winawo ndikuseka. Kumwamba kunali mita, yaikulu ngati nyumba, manambala akungokwera. Kenako a Dokotala Phiri anasuzumira pawindo la minibasi, atavala magolovesi a mu labu.

"Lembani nambala ya mphamvu imene mwaikayo, msanga, isanasinthe!"

Nambala ndinkaiona bwinobwino. Ndinapisa m'thumba, mulibe cholembera. Achemwali anandiponyera choko chawo chosokera, ine n'kutambasula dzanja kuti ndiwakhe, basi mnzanga wogona naye chipinda n'kumenyetsa chitseko cha bafa. Ndinadzidzimuka dzanja lili m'mwamba, nambala itachoka yonse m'mutu.

Tsono ndithandizeni. Kodi ndi kutopa chabe, kapena malotowa akundiuza kuti magetsi sakusowa koma akuzimitsana okha? Nanga achemwali anga, amene sanalowepo mu labu, amatani mmenemo? Lachisanu ndi mkuja, ndipo molekyuyi ine sindikufuna kuisiya.