Tsiku Loyeza Fumbi

Achimwene anga ndi amene anandipezera ntchito ku fakitale ina ya fodya ku Kanengo, zaka zija anthu anali atangoyamba kulankhula za matipate mosanong'ona. Iwo anali atagwirako kale nyengo zambiri. Ndinachoka kwathu ku Dowa ndi kachikwama kamodzi n'kukafikira kwawo ku Mgona, m'nyumba ya zipinda ziwiri. Iwo, alamu ndi ana ankagona kuchipinda, ine pabalaza pambali pa njinga.

Tonse tinkagwira m'chinyumba chachitali chopunthiramo fodya. Masamba ouma ankabwera pa lamba n'kulowa m'makina amene ankawaphwanya kuti tsamba lisiyane ndi mtsempha wake. Ine ndinali wokankha ngolo za mabelo, wolowa ndi kutuluka, kotero mpweya wa panja ndinkaulawako. Achimwene anali pakamwa penipeni pa makinawo, kuyang'anira kuti fodya asatsamwe. Pamenepo fumbi silinkauluka ayi, linkangoima. Munthu wa mbali inayo ya makina unkamudziwa ndi kayendedwe, osati nkhope.

Fumbi la fodya n'losiyana ndi la pamsewu. La pamsewu ukalikuntha lachoka. Ili limawawa pakhosi, limalowa m'makutu, m'tsitsi, mpaka m'mano. Tikaweruka tinkamina zofiirira. Alamu akamachapa maovolosi athu Loweruka, madzi a m'beseni ankasanduka ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo nkhuku zawo sizinkayandikira pamene atayira madziwo.

Aliyense m'chinyumbamo ankatsokomola, koma chifuwa cha achimwene chinali chitapitirira. Chinkawadzutsa m'mamawa tambala asanatsike, n'kuwapinda pakati ngati munthu wotola kanthu pansi. Ulendo wapansi wochokera ku Mgona kukafika pageti, umene kale ankauyenda akuimba nyimbo za kutchalitchi, anayamba kuudula pakati, kuima ngati akumanga nsapato. Nsapato zawozo zinali zopanda zingwe. Ine ndinkangoyang'ana kumbali, poti munthu wamkulu sumuonetsa kuti wamuona.

Dokotala wa kuchipatala anawauza mosapsatira kuti achoke pafumbi, apo ayi mapapo awo atha. Achimwene anakauza akapitawo athu, bambo wina wa ku Ntchisi amene sanali woipa mtima, koma anali wotopa ngati ife tomwe.

"Bambo, ndingakuchotseni bwanji?" anatero akapitawo. "Ndikachotsa aliyense wotsokomola, muno mutsala makina okha. Koma dekhani. Kukubwera anthu a boma odzayeza fumbi. Akapeza kuti n'lochuluka, mabwana aika makina okoka fumbi, ndipo a zifuwa ngati inu tiwasamutsira kushedi kosoka mabelo. Inu mudzakhala woyamba."

Shedi yosokerako mabelo inali panja, denga lokha popanda makoma. Kumeneko mphepo inkadutsa. Achimwene anabwera kunyumba tsiku limenelo akumwetulira, ndipo alamu anayamba kufunsa madzulo aliwonse ngati oyezawo afika. Chiyembekezo chathu chonse chinali pa anthu amene sitinkawadziwa n'komwe.

Achimwene anali mkulu wa mpingo, munthu wosamala zinthu mpaka kukwiyitsa. Akabwereka khasu ankalibweza atalinola. Akabwereka pampu ya njinga ankaipukuta ndi kansalu asanaibweze, mwini wake n'kuchita manyazi. Ankakonda kundiuza kuti nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, ndipo ine ndinkawayankha chamumtima kuti ndiye bwanji osangogula yanu. Ku fakitale ankawadalira chifukwa cha khalidwe lomwelo.

Tsiku la oyezawo litayandikira, anatiuza kuti tikonze malo. Tinasesa, tinawaza madzi pansi, tinakwera pa makwerero kukagwetsa fumbi lomwe linakhala pa mitanda kuyambira ine ndisanamere ndevu. Miyala ya m'mbali mwa njira tinaipaka laimu. Chimene chimanditopetsa ndikakumbuka n'chakuti panalibe wotikakamiza ndi ndodo. Anthu ankasesa ndi mtima wonse, ena akuimba, poti kukubwera alendo.

Ine ndinalephera kupirira. Ndinaima ndi tsache m'manja n'kunena kuti, "Achimwene, anthuwa akubwera kudzaona fumbi, ife tikulibisa. Nanga si misala imeneyi?"

"Iwe, sesa," anandiyankha. "Unaona kuti mlendo akulandiridwira pa zinyalala? Makina akalira fumbi libwera lokha, silichita kuitanidwa."

Tsikulo litafika anatigawira zophimba kumphuno zatsopano, zoyera mbee, zoti tibweze madzulo. Makina ena anali zii, ati akuwakonza. Koma makina a achimwene ankalira, ndipo dzuwa lisanakwere fumbi linali litaima kale pamalo pake. Mtima wanga unakhalako pansi.

Tinkayembekeza gulu la anthu a mataye. Kunabwera mayi mmodzi yekha, atanyamula bokosi, nsapato zake zili mbuu ndi fumbi la m'njira. Chichewa chake chinali cha kumpoto, ndipo nkhope yake inali ya munthu amene wadzuka kale kwambiri. Anatsegula bokosilo n'kuyamba kuyesa zipangizo zake chimodzichimodzi. Zina sizinalire, mabatire atatha. Zinatsala ziwiri. Chimodzi anachipachika pa nsanamira pafupi ndi khomo lalikulu, pamene akapitawo anamuonetsa kuti sichingagundidwe ndi ngolo. Chinacho anati chivalidwe ndi munthu wogwira pafumbi penipeni. Akapitawo sanachite kuganiza, anaitana achimwene.

Chipangizocho chinali kabokosi kolowa m'manja, kokhala ndi pampu m'kati. Mayiyo anachimangirira pa lamba wa achimwene, n'kudutsitsa kapaipi kumsana mpaka pa kolala, pafupi ndi pakamwa. Kumapeto kwa kapaipiko kunali kachibekete kakang'ono, m'kati mwake muli kapepala koyera kozungulira. Anafotokoza mokweza chifukwa cha phokoso kuti pampuyo imakoka mpweya, fumbi n'kutsalira pa kapepalako, ndipo iye akakayeza kulemera kwake adzadziwa fumbi limene munthu wameza pa tsiku.

"Chimapuma monga mmene mumapumira inu," anatero. "Gwirani ntchito ngati masiku onse. Koma chisamaleni, bambo. N'chodula, ndipo kuofesi kwathu zatsala zochepa."

Achimwene anawomba m'manja pang'ono n'kunena kuti, "Musade nkhawa, mayi. Chili m'manja abwino."

Mayiyo anakwera galimoto kupita ku fakitale ina, ati abwera poweruka. Tsiku lonse ndinkadutsa ndi ngolo yanga n'kumaona msana wa achimwene, kabokosi kali pa lamba, iwo atawerama pa makina. Anzathu ankawaseka kuti avala wailesi ya apolisi. Ine ndinkati ndikaona fumbi likuwakuta, kwa nthawi yoyamba ndinkasangalala nalo. Ndinkati meza, chipangizo iwe, meza ukhute, ukanene kwa mabwana.

Belu loweruka litatsala pang'ono kulira, makina anazimitsidwa. Ndinapita kukawaona achimwene. Ndinawapeza kuseri kwa makina akumasula mabatani a ovolosi. Analowetsa dzanja m'kati mwa malaya n'kutulutsa kapaipi kaja. Kachibekete kake anali atakakulunga bwinobwino ndi mpango wawo woyera wa Lamulungu. Anamasula mpangowo, kupukuta kapaipi, kupukuta kabokosi, kenaka n'kubwezera zonse pa kolala monga anaikira mayi uja.



"Achimwene, mwachita chiyani?"

"Ndimachitchinjiriza. Sukuliona fumbi lili pano? Chikanatsekeka tikanawauza chiyani mayi aja?"

"Chakhala m'malaya kuyambira nthawi yanji?"

"Atangochoka."

"Koma fumbilo ndi limene amalifuna! Ndi limene abwerera!"

Anandiyang'ana, maso ali ofiira, fumbi lili m'nsidze. "Anati chimapuma ngati munthu," anatero pang'onopang'ono. "Ndiye munthu wa eni ake ungamusiye apume zimenezi?"

Ndinapsa mtima kwambiri, ndiponso ndinafuna kulira, zonse nthawi imodzi. Munthu amene wameza fumbi limenelo zaka zonsezi popanda womukulunga ndi mpango anamvera chisoni kabokosi ka mabatire.

Ndinawauza kuti ndikanena kwa mayiyo. Anandigwira dzanja n'kundiletsa, ati ndiwachititsa manyazi pamaso pa akapitawo, anthu adzati mkulu wa mpingo wasokoneza katundu wa boma. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo chifuwa chawocho chinkatidzutsa tonse m'nyumba muja. Mayiyo atafika n'kuyamba kumasula chipangizocho, ndinamuuza zonse, achimwene ali pomwepo.

Sanakalipe. Anatsegula kachibekete kaja n'kuyang'ana kapepalako, kali mbee ngati sikanachoke m'bokosi. Anakhala pa belo la fodya, n'kupukuta kumaso ndi chikhato.

"Bambo, ndimatanthauza kuti musachigwetse," anatero ndi mawu otsika. "Musachizimitse, musachimenyetse pa chitsulo. Fumbilo ndiye chakudya chake."

"Pepani, mayi," anatero achimwene, mutu uli pansi. "Munati ndichisamale."

"Inde, ndinatero."

Ndinamupempha kuti abwerenso mawa. Anati mawa galimoto ikupita kwina, timapepala tija tatsala towerengeka, ndipo mafakitale omudikira ndi ambiri. Analonjeza kuti akanena kuti muyeso wa achimwene wawonongeka, ndipo adzayesetsa kubweranso mafuta akapezeka. Ndikhulupirira kuti ankanena zoona. Anatsitsa chipangizo china chija pa nsanamira ya pakhomo, pamene mphepo ya panja inkawomba tsiku lonse, n'kunyamula bokosi lake. Sitinamuonenso.

Madzulo amenewo tinabwerera ku Mgona wapansi. Achimwene anaima kangapo kupuma, ndipo ulendo uno sananamizire nsapato. Kunyumba alamu anatichingamira pakhomo n'kufunsa kuti zayenda bwanji. Achimwene anangolowa m'nyumba. Ine ndinati tidikire, tidzamva.

Tinadikira mpaka nyengo ya fodya inatsala pang'ono kutha. Tsiku lina m'mawa akapitawo anatisonkhanitsa n'kutiuza kuti zotsatira zabwera. Muyeso umodzi unawonongeka, anatero, koma winawo waonetsa kuti mpweya wa muno uli bwino, fumbi silinapyole malire. Makina okoka fumbi sakufunika, ndipo palibe amene asamutsidwe. Ankalankhula akuyang'ana pamwamba pa mitu yathu. Wina kumbuyo anatsokomola, anthu n'kuseka, kuseka kwa anthu otopa. Tinabwerera aliyense pamalo pake.

Sindinawakumbutse achimwene za mpango uja, ngakhale tsiku limodzi. Panalibe chifukwa. Ankadziwa okha, ndipo ndinkaona kuti zikuwadya. Anasiya kundilangiza za zinthu zobwereka.

Ntchito ya fodya ndi ya nyengo. Fodya akatha mumapita kunyumba, akayambanso mumakaima pageti kuti akulembeni mwatsopano. Nyengo yotsatira tinapeza kuti aika lamulo loti aliyense ayambe wapimidwa ndi dokotala wa kampani. Tinaima pamzere, malaya m'manja. Achimwene anali patsogolo panga, ndipo ndinkaona mapewa awo akunjenjemera poyesa kubweza chifuwa. Alamu anali atawamwetsa madzi otentha a mandimu m'mawa kuti chigone. Dokotalayo anaika chomvera chake pamsana pawo n'kuwauza kuti apume kwambiri. Anakoka mpweya, chifuwa n'kuphulika, mpaka anagwira tebulo.

Dokotala anapukusa mutu. Anati chifuwa chotere sangachilole kulowa m'fakitale.

"Koma ndachitengera momwemo, adokotala," anatero achimwene atapeza mpweya.

"Muno munayezedwa, bambo, mpweya wake ndi wabwino. Chimenechi mwachitenga kwina. Kunyumba mumaotha mbaula m'nyumba? Kapena mumasuta?"

Achimwene, amene chibadwire sanaikepo ndudu pakamwa, anangovala malaya awo, kumanga mabatani onse mpaka la pakhosi, n'kuthokoza dokotalayo. Anathokoza ndithu, ndinamva ndi makutu anga. Poti matendawo sanali a pantchito, panalibe chipukuta misozi. Anatuluka pageti okha, ine ndikadali pamzere.

Mwezi usanathe anabwerera ku Dowa ndi alamu ndi ana. Katundu wawo anakwana pa lole ya munthu wina wa kumudzi amene anabweretsa mtedza m'tauni. Nyumba ya ku Mgona anandisiyira ine, ndipo nthawi imeneyo ndinali nditangokwatira, mkazi wanga ali woyembekezera.

Lolemba lotsatira akapitawo anandiitana. Anati pakamwa pa makina paja pakufunika munthu, ndipo poti ndine mng'ono wa munthu wokhulupirika, aganiza za ine. Malipiro ake anali okwererako kuposa a ngolo. Ndinayang'ana pamalopo, fumbi litaima kale kundidikira. Ndinaganiza za mkazi wanga ndi lendi ya nyumba.

Ndinati zikomo, n'kupita kukaima pamene ankaima achimwene.